Kodi amene akuphunzitsa ana athu a sekondale kuno ku Joni adadzera kuti?

NaBanda_Berea
Mwaswera bwanji nonse. Mundikhululukire ngati funsoli lidafunsidwa kale. Mnyamata wanga ali Giredi 9 pa sukulu ina yapulaiveti m'tauni muno, mtundu uja wa pamwamba pa mashopu, wopanda bwalo, belu likalira ana amangotsikira mumsewu. Fizi ndimalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, ndalama yochapira anthu zovala. Koma chaka chino aphunzitsi a masamu asinthana mpaka mwanayo wasiya kusunga mayina awo. Padali wina wa ku Zimbabwe amene ana amamukonda, adangosowa pakati pa teremu. Amene alipo pano akuti ndi mnyamata wamng'ono, ana amamuitana ndi dzina. Tsono chaka chino ndi chosankha maphunziro a Giredi 10, ine mtima suli m'malo. Anthu amene amaima kutsogolo kwa ana a zaka 14 ndi 15 kuno amakhala ataphunzira chiyani? Kwathu timadziwa kuti uyu ndi wa ku Domasi, uyu wa ku Chanco. Kuno ndingadziwe bwanji? Nanga aphunzitsi athu a ku Malawi amene ali mbwee muno, bwanji sitiwaona m'makalasi?

Aise_wa_Cosmo
Aphunzitsi athu ali pa geti, mayi. Ena akutchetcha kapinga ku Fourways. Mukawafuna mupite 6 koloko madzulo posinthana shifiti.

Mlonda_wa_Choko
Aise, usaseke, ukunena ine. Ndimalondera nyumba zina ku Randburg, koma dzanja ili lidadya choko zaka zambiri.

Mayi NaBanda, mwati kwathu timadziwa kuti uyu ndi wa ku Domasi. Pepani, koma ambiri amene adaphunzitsa ana a m'midzi sadayambire ku Domasi. Mu 1994 a Muluzi atalengeza pulaimale yaulere, ana adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi padalibe. Boma lidatola achinyamata zikwizikwi a JC ndi MSCE, kutiphunzitsa masabata owerengeka, basi kalasi ndi iyo, pansi pa mtengo. Ine ndidali m'gulu limenelo. Sitifiketi idabwera pambuyo kudzera MIITEP, pulogalamu yosula aphunzitsi ali kale pa ntchito, ija idayamba mu 1997: miyezi itatu ku koleji, kenaka kubwerera kusukulu kwako kukaphunzitsa uku ukuwerenga wekha.

Ndiye mu 1998 ma DEC a MCDE aja, malo a maphunziro akutali, adasandutsidwa ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Masukulu a sekondale adachuluka mwadzidzidzi, koma a dipuloma ndi digiri adali ku masukulu akuluakulu ogonera konko. Ku CDSS adatumiza ndani? Ife a T2, a ku pulaimale. Teremu ino uli ndi Sitandade 6, teremu yamawa ndiwe mphunzitsi wa Bayoloji ku Fomu 3. Mutu ndimauwerenga usiku pa koloboyi, m'mawa n'kukauphunzitsa kwa ana ena amene adali ndi ndevu kuposa ine. Dipuloma ya ku Domasi ndidaipeza ndili kale ndi banja, ya maphunziro akutali ija, yopita ku koleji pa holide. Ndiye kwa ine ntchito idayamba, mapepala n'kumatsatira m'mbuyo. Madokotala ndi maloya ena amene mukuwaona lero adadutsa m'manja mwa anthu ngati ife.

ZaMapepala_Rosettenville
Aphunzitsi, ulemu wanu. Mbiri imeneyo ndi yoona, bambo anga adadzera momwemo. Koma ndiyankhe kaye funso la mayiwa chifukwa lili ndi yankho lolunjika.

Kuno munthu saloledwa kuphunzitsa pa sukulu iliyonse, ya boma kapena yapulaiveti, ngati sadalembetse ku SACE, bungwe loyang'anira aphunzitsi, likulu lake lili ku Centurion. Wolembetsa aliyense ali ndi nambala yake. Muli ndi ufulu wopita kwa ahedi n'kufunsa kuti mphunzitsi wa masamu wa mwana wanga ali nayo nambala ya SACE? Mufunsenso ngati sukuluyo idalembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, akuonetseni kalata ndi nambala ya EMIS, ya sukuluyo m'kaundula wa boma. Ngati ili ndi Giredi 12, mufunse za chivomerezo cha Umalusi, bungwe loona za ubwino wa maphunziro ndi mayeso, ndiponso kumene ana amalembera matric, mayeso omaliza sekondale. Sukulu yolongosoka makalata amenewa imapachika pakhoma la ofesi, sidikira kufunsidwa. Akayamba kukuzengerezani kuti bwerani mawa, mwini wake wachoka, yankho mwalipeza kale.

Za maphunziro awo, njira zikuluzikulu ndi ziwiri. Ina ndi BEd ya zaka zinayi. Ina ndi kutenga digiri ya phunziro lako, kaya BSc kaya BA, n'kuwonjezera chaka chimodzi cha PGCE, maphunziro a uphunzitsi. Munthu amasankhiratu msinkhu wa ana: Senior Phase ndi Giredi 7 mpaka 9, FET ndi Giredi 10 mpaka 12. Makoleji a aphunzitsi ngati ma TTC athu kuno adawatseka, ena n'kuwaphatikiza ku mayunivesite cha m'ma 2001. Ija idali Johannesburg College of Education ku Parktown lero ili pansi pa yunivesite ya Wits. Ena amaphunzira ku UJ, ambiri ku Unisa uku akugwira ntchito. Mnyamata wanu wamng'onoyo akhoza kukhala wophunzira wa chaka chomaliza amene ali ndi kalembera wongoyembekezera, akhozanso kukhala mphwake wa mwini sukulu. Kufunsa ndi kumene kungasiyanitse.

NaBanda_Berea
Zikomo achemwali. Koma ndikakafunsa sakamuzunza mwana? Komanso mapepala anga mukuwadziwa mmene alili, ndimaopa kukweza mawu pa ofesi ya anthu.

ZaMapepala_Rosettenville
Musapite nokha. Mupeze makolo ena awiri kapena atatu a kalasi yomweyo, mufunse mwaulemu pa tsiku lotenga malipoti. Za mapepala, mudziwe kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti mwana sangakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala. Ambiri timathamangira masukulu a pamwamba pa mashopu poganiza kuti a boma sangatilandire. Malo ndi ovuta kupeza, inde, makamaka mwana akadutsa Giredi 8 imene amalembetsa pa intaneti, koma khomo si lotseka.

BamboAMapasa
Ine nkhani ya manambala sindiimva. Mapasa anga anaphunzitsidwa masamu ndi bambo wina wa ku Masvingo, sindinamufunsepo nambala, koma onse awiri anakhoza matric. Pamene pa sukulu ya boma imene anayambira panali mayi wa digiri ya ku yunivesite yodziwika, ankangolemba pa bolodi n'kukhala pansi kumaseweretsa foni. Pepala siliphunzitsa mwana.

Mlongo_wa_Tembisa
Bambo, nambala ija si ya nzeru yokha ayi. Polembetsa amafuna kalata ya kupolisi, ndipo mphunzitsi akachita zachipongwe ndi mwana akhoza kufufutidwa m'kaundula, osaphunzitsanso. Wopanda nambala akalakwa amangosamukira mseu wachiwiri n'kuyambiranso. Inu munachita mwayi. Ana anu ndi anyamata kapena atsikana?

BamboAMapasa
Anyamata.

Mlongo_wa_Tembisa
Ndinadziwa.

Aise_wa_Cosmo
Asisi mwawathyola khosi madala, hahaha. Koma funso lija silinayankhidwe. Bwanji ma Zimba ali m'kalasi, ife tili pa geti? Chizungu chathu n'chochepa?

Mlonda_wa_Choko
Si Chizungu. Anzathuwo adabwera mwaunyinji m'ma 2007 ndi 2008 chuma chawo chitagwa, nthawi imene kuno kudali njala ya aphunzitsi a masamu ndi sayansi. Adabwera ndi madipuloma ndi madigiri a sekondale. Chachikulu n'chakuti boma la kuno lidawapatsa pemiti yawoyawo, imene lero amati ZEP, yowalola kugwira ntchito. A ku Lesotho nawo ali ndi yawo. Ife a Malawi tilibe. Timalowa ndi masiku 30 a pa pasipoti. Tsono ngakhale utanyamula dipuloma yowala bwanji, popanda pemiti ya ntchito sungalembetse, ndipo sukulu yolongosoka siyingakulembe. Imene ingakulembe ndi ya pamwamba pa mashopu, malipiro ake ochepa kuposa a ulonda, mwezi wina osabwera n'komwe. Ndicho chifukwa chake mphunzitsi wa mwana wa NaBanda adasowa pakati pa teremu. Sindikumudziwa, koma ndikhoza kulumbira kuti adapeza pena polipira.

ZaMapepala_Rosettenville
Zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kwa amene akufuna kuyesa. Mumayamba ndi SAQA ku Pretoria, kuti aunike sitifiketi yanu n'kunena mlingo wake pa NQF, muyezo wa maphunziro wa kuno. Mudzafuna zotsatira za maphunziro onse kuchokera ku koleji yanu, osati sitifiketi yokha, ndiye muyambe msanga kulemberana ndi kwathu. Kenaka SACE, imene imafunanso pemiti ndi kalata za kupolisi. Ine ndidadzera ku Chanco, digiri ya uphunzitsi, Chingerezi ndi Mbiri, ndipo pemiti ndidaipeza chifukwa cha banja. Popanda zimenezo bwenzi ndikulera ana a anthu ku Sandton ngati anzanga amene tidali nawo kalasi imodzi.

Muzidziwanso kuti pa sukulu ya boma pali mitundu iwiri ya malo. Ena amalipira ndi boma, amenewo amayamba kupatsa eni dziko. Ena ndi a SGB, komiti ya makolo imalemba yokha munthu n'kumamulipira ndi ndalama za fizi. Obwera ambiri amene mumawaona ali pa malo a SGB kapena kupulaiveti, kontirakiti ya chaka chimodzi, Disembala ikafika mtima uli phaphapha. Thandizo la fizi la Funza Lushaka, lophunzitsira aphunzitsi kuyambira 2007, ndi la nzika zokha. Sitifiketi ya ku TTC yokha, kaya ya IPTE, pulogalamu yosula aphunzitsi a pulaimale kwathu, musayembekezere kuti ikulowetsani ku Giredi 10.

IPTE_Wosalembedwa
Mwatchula IPTE mtima wandipweteka. Ine ndinamaliza chaka cha ku koleji ndi chaka cha kusukulu, mayeso ndinakhoza, kenako kudikira kulembedwa ntchito mpaka nsapato zinatha. Anzanga ena analowa kabaza, ine ndinakwera basi. Pano ndimawotcha nyama pa shopu ina ku Diepsloot. Ana a Giredi 8 akamadutsa ndi mabuku ndimangoyang'ana. Tsiku lina ndinathandiza kamtsikana kena ma fraction pa pepala lokulungira tchipisi, abwana anandiyang'ana ngati ndaba.

Gogo_Turffontein
Ana inu mukukamba za mapepala okhaokha. Ine ndifunse, mwana wotha msinkhu amalangizidwa ndi ndani kuno? Kwathu ku Nkhoma mtsikana akakula amayi a Chigwirizano amamutengera ku chilangizo. Kumudzi kudali anamkungwi. Amenewo adalibe dipuloma, koma mudzi wonse umadziwa mbiri yawo, banja lawo, ana amene adalera. Munthu samadzisankha yekha kukhala namkungwi. Lero mwana wa zaka 14 tikumupereka kwa munthu amene sitidziwa ngakhale kwawo. Ndipo mkwapulo adaletsa. Mdzukulu wanga adandiuza m'maso muli gwa kuti agogo mukandimenya ndiyimbira apolisi. Ine! Kuongola mtengo mpoyamba, abale.

Aise_wa_Cosmo
Agogo, ife amene tidakwapulidwa bwino ndi amene tikutsuka magalimoto kuno. Mkwapulowo udationgolera ku Park Station.

Gogo_Turffontein
Iwe mwana, ulibe mwambo. Amako ndikuwadziwa.

Che_wa_Mayfair
Amama a ku Turffontein ali ndi mfundo, ngakhale pa chikoti sindili nawo. Kwathu ku Mangochi ngaliba amadula, koma amene amakhala ndi anyamata ku ndagala ndi nakanga ndi alombwe. Ntchito ya kulangiza inali ndi eni ake. Kuno anyamata athu amaweruka kusukulu n'kupita ku madrasa, ndipo ndaona kuti mwana amene amaulula zakukhosi amaulula kwa mwalimu, osati kwa mphunzitsi wa kusukulu. Mwalimu wathu anaphunzira ku Malawi, n'kudzawonjezera ku Darul Uloom, sukulu ya Chisilamu, kuno. Amadziwa Chiyao, Chichewa ndi Chizulu, amadziwa kuti bambo a mwana uyu amagona mu shopu, mayi ake ali ku Namwera. Mphunzitsi wa kusukulu ali ndi makalasi asanu, angadziwe zimenezo?

Mlongo_wa_Tembisa
Che, mwafika pamene ndimafuna. Ine si mphunzitsi wa m'kalasi. Ndinali namwino wothandizira kwathu, kuno ndinaphunzira ntchito yosamalira ana ndi achinyamata, ija a bungwe la NACCW amaphunzitsa, ndipo ndimagwira pa malo ena amene ana amabwera akaweruka. Ndiye ana a msinkhu umenewu ndimawaona nthawi imene aphunzitsi ndi makolo sakuwaona, kuyambira 2 koloko mpaka mdima.

Mwana wa Mmalawi kuno amadzuka mayi atapita kale kukakwera takisi, amagona bambo asanabwere. Kusukulu amabisa kuti ndi wa ku Malawi, amayankhula Chizulu kapena Sepedi kuposa eni ake kuti asamutche kwerekwere. Pakhomo mukamuyankhula Chichewa amayankha Chizungu, inu mumati wayamba mwano, pamene mwanayo watopa ndi kukhala anthu awiri. Pa kona pali anyamata a nyaope, mankhwala osokoneza bongo, pa foni pali azibambo a magalimoto. Phunziro loti likambe zimenezi lilipo, Life Orientation, ndipo mwana aliyense amalitenga mpaka Giredi 12. Koma m'masukulu ambiri amene ndawaona amalipereka kwa mphunzitsi amene ali ndi mapiriyodi ochepa, kaya anaphunzira Jogalafe. Alipo ena analiphunzira bwinobwino pamodzi ndi uphungu, amenewo mukawapeza muwagwire ndi manja awiri.

Agogo, za mkwapulo, lamulo la masukulu la 1996 linaletsa, ndipo mphunzitsi akamenya mwana ntchito ikhoza kutha. Ine sindilira nawo. Ana amene amandiuza zoopsa kwambiri ndi amene kunyumba amaopa kuyankhula. Komanso tisakometse zakale zonse. Zinamwali zina zinkaphunzitsa ana a zaka 11 zinthu zoti sangazisenze, mpaka mafumu ngati malemu Inkosi Kachindamoto ku Dedza anachita kulimbana nazo pamodzi ndi maukwati a ana.

Gogo_Turffontein
Chilangizo cha mpingo sichidali choncho, mwanawe. Usaphatikize.

Mlongo_wa_Tembisa
Sindinaphatikize agogo, ndati zina.

Mlonda_wa_Choko
Pa nkhani ya kudziwa mwana ndiikepo mawu, chifukwa ndi chimene ku koleji sadatiphunzitse mokwanira. Tidaloweza magawo a kakulidwe ka mwana kuti tikhoze mayeso, koma Fomu 2 idandiphunzitsa zenizeni. Mwana wa Fomu 1 amakuopa, wa Fomu 4 amaopa MANEB, wa Fomu 2 saopa chilichonse. Kuno ndiye Giredi 9 imeneyo. Ukamuchititsa manyazi pamaso pa anzake wamutaya chaka chonse. Ukamuitanira pambali n'kumufunsa kuti wadya, umva zimene sumayembekezera.

Ku CDSS kwathu ana ambiri amachokera kutali, amachita lendi tizipinda pa tredingi senta, kudziphikira okha. Mphunzitsi umakhala bambo, namwino, wapolisi. Lamulo lolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu lidalipo kuyambira 1993, koma pepala silipita kumudzi kukamutenga. Timapita ndife, pa njinga, kukakhala pa mphasa ndi malume ake mpaka avomere. Mmodzi wa atsikana amenewo lero ndi mphunzitsi. Komanso ndisabise, m'gulu lathu momwemo mudali afisi. Wina akapereka mimba kwa mwana wa sukulu timangomva kuti wasamutsidwa, akupita kukayamba kwina. Ndiye a BamboAMapasa, kaundula amene mlongo akunena ine ndikugwirizana naye, ngakhale kaundula yemweyo ndi amene wanditsekera ine kunja.

BamboAMapasa
Chabwino, ndamva. Koma NaBanda, bwanji osangomutumiza kumudzi mnyamatayo? Akalowe Fomu 2 pa sukulu ya mishoni yogonera konko. Ma rand amene mukutaya apawo kwathu ndi ndalama yaikulu. Abambo a mpingo amuumba.

Mai_a_Yeoville
Musayerekeze. Ine ndinatumiza wanga ali ndi zaka 15. Chichewa cholemba samachidziwa, Agriculture sanaionepo, anzake ankamutcha Mjoni. Agogo ake sakanatha kumulondola. Anabwerera kuno wopanda JCE, wopanda Giredi 10. Ndipo masukulu abwino a mishoni ngati Likuni Boys, Zomba Catholic kaya William Murray sulowa chifukwa uli ndi ma rand, ambiri amasankhidwa ndi mayeso a Sitandade 8. Otsala ndi apulaiveti, amenenso ena ndi a pamwamba pa mashopu a ku Lilongwe.

Aise_wa_Cosmo
Pa nkhani yotumiza, alipo akudziwa basi imene ikunyamuka Loweruka yolola katundu wambiri? Ndili ndi firiji.

Kondakitala_Beitbridge
Ndilembere kumbali aise. Firiji yaikulu bwanji? Ku Mwanza akulipiritsa, usadzati sindidanene.

Gogo_Turffontein
Ngati ukubwerera unditengereko ufa woyera ndi utaka. Ufa wa kunowu nsima yake siigwira m'mimba.

Woyanganira_Gulu
Abale, za mabasi ndi ufa zili ndi malo ake. Tibwerere kwa aphunzitsi.

ZaMapepala_Rosettenville
Zikomo a woyang'anira. NaBanda, chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi chija mudatchula poyamba, kusankha maphunziro. Ku Giredi 10 mwana amatenga maphunziro asanu ndi awiri: zilankhulo ziwiri, Life Orientation, atatu osankha, ndiye Mathematics kapena Mathematical Literacy. Apa ndi pamene mbiri ya mphunzitsi imaluma. Mwana amene Giredi 8 ndi 9 yonse waphunzitsidwa masamu ndi anthu osinthanasinthana amafika ku algebra alibe maziko. Sukulu imayang'ana malikisi n'kumukankhira ku Maths Lit, chifukwa imafuna kuti chiwerengero cha okhoza matric chioneke bwino pa chikwangwani. Maths Lit si yoipa, koma ikatengedwa, uinjiniya, udokotala ndi maphunziro ambiri a sayansi zatsekeka. Mwana wa zaka 15 amasainitsidwa moyo wonse chifukwa mphunzitsi wake adapeza ntchito ina mu Meyi.

Musapusitsidwenso ndi lipoti lonena kuti wapita kalasi ina. Lamulo la kuno silola mwana kubwereza kawiri m'gawo limodzi, ndiye ena amangokwezedwa asadakhoze. Mutenge kope lake la masamu, mulitsegule. Ngakhale simudziwa algebra, cholembera chofiira mumachidziwa. Muone tsiku lomaliza limene mphunzitsi adachonga.

NaBanda_Berea
Ndatsegula pompano. Chofiira chomaliza ndi cha mwezi wa Epulo. Kuchokera pamenepo amachongerana okhaokha ndi pensulo.

Aise_wa_Cosmo
Eish.

Wa_Chanco_98
Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndikufuna kutsutsa pang'ono aphunzitsi a ku Randburg, mwaulemu. Nkhani yanu ndi yogwira mtima, koma tisasandutse kuvutika kukhala ukatswiri. Ma CDSS kwa zaka zambiri akhala m'munsi pa zotsatira za MSCE, ndipo chifukwa china ndi chomwecho, munthu wowerenga mutu usiku n'kukauphunzitsa m'mawa. Mtima wabwino suphunzitsa Physical Science popanda labu. N'chifukwa chake boma lidatsegula Mzuzu University ndi maphunziro a uphunzitsi, n'kudzawonjezera koleji ya Nalikule. Ine ndidapita ku Chanco ndisakufuna uphunzitsi, adandisankhira, ndipo theka la kalasi yathu lidathawira ku mabanki ndi mabungwe. Vuto lathu ndi limenelo: amene adaphunzira phunzirolo mozama safuna kukhala, amene akufuna kukhala sadapatsidwe mpata wophunzira mozama. Pano ndili mu inshuwalansi ku Braamfontein, ndiye ndikudziloza ndekha.

Mlonda_wa_Choko
Achimwene, simudalakwe. Koma mufunse kuti ana a CDSS amasankhidwa bwanji. Okhoza kwambiri Sitandade 8 amapita ku masukulu a national, otsatira ku ma district, ife timalandira otsala, opanda mabuku, oyenda makilomita ambiri ndi njala. Mudzapatse a Kamuzu Academy ana amenewo ndi choko chokha, tidzaone Chilatini chawo. Ine sindikunena kuti kusaphunzira n'kwabwino, ndikadakana bwanji Domasi? Ndikunena kuti inu a digiri mutathawira ku mabanki, m'kalasi mudatsala ife.

Wa_Chanco_98
Pamenepo ndilibe mawu.

Mai_a_Yeoville
Pali chinthu china simunatchule. Ku Observatory, pa Sacred Heart College, mu 2008 anayambitsa Three2Six, ana othawa kwawo ndi obwera amene analibe malo kusukulu ankaphunzira kuyambira 3 koloko mpaka 6, eni sukulu ataweruka. Aphunzitsi ake anali obwera omwe, othawa kwawo. Chaka chomwecho mpingo wa Methodist unatsegula sukulu ya Albert Street m'tauni, aphunzitsi a ku Zimbabwe akuphunzitsa ana awo. Anzathu anaona kuti ali ndi aphunzitsi opanda kalasi ndi ana opanda mphunzitsi, n'kuwakumanitsa. Ife tili ndi mipingo ya CCAP, Katolika, Seventh Day, mizikiti, magulu a maliro osawerengeka. Ndalama yotumiza mtembo kumudzi timasonkha tsiku limodzi. Ya masamu a Loweruka yatikanika?

IPTE_Wosalembedwa
Ine Loweruka m'mawa ndimakhala omasuka mpaka 11. Giredi 7 ndi 8 ndingathe. Sindikufuna zambiri, ya takisi yokha.

Mlonda_wa_Choko
Ndimaweruka 6 koloko m'mawa. Ndikagona pang'ono ndikhoza kufika. Koma wina andipezere mabuku a CAPS a Giredi 9, silabasi ya kuno siyendera limodzi ndi ya MANEB, ndisakaphunzitse ana njira imene akaikane kusukulu. Bayoloji kuno amati Life Sciences ndipo imayamba Giredi 10, ndiye ine ndigwira Natural Sciences ndi masamu.

ZaMapepala_Rosettenville
Mabuku ndili nawo, ndipo mapepala a mayeso akale amapezeka ulere pa intaneti. Koma tigwirizane zinthu ziwiri tisadatenthe mutu. Isatchedwe sukulu, ndi kuthandizana homuweki basi, ana akhalebe m'masukulu awo. Chachiwiri, aliyense wophunzitsa abweretse kalata ya kupolisi, ndipo m'chipindamo muzikhala kholo nthawi zonse, chitseko chotsegula. Aphunzitsi musakhumudwe, ndi inu nomwe mwatiuza za afisi.

Mlonda_wa_Choko
Sindikhumudwa. Ya kupolisi ndili nayo, ulonda amafunanso yomweyo.

Gogo_Turffontein
Kholo lokhala m'chipindamo ndine. Ndibwera ndi zoluka zanga. Atsikana akamaliza masamu atsale pang'ono, ndili nawo mawu.

Mlongo_wa_Tembisa
Agogo, mawuwo tiyambe tamva ife akuluakulu.

BamboAMapasa
Holo ya mpingo wathu Loweruka m'mawa imakhala ya kwaya ya amayi, masana ndi ya maukwati. Ndikafunse abusa za kachipinda ka Sande sukulu, koma mipando yake ndi ya tiana, anyamata a Giredi 9 mawondo adzafika m'makutu.

Che_wa_Mayfair
Ngati ndi pa tchalitchi makolo ena a kwathu adzakayika, ndikudziwa anthu anga. Komanso Loweruka m'mawa ena ali ku madrasa. Bwanji laibulale? Kapena tizisinthana, sabata ino kwanu, yamawa kwathu ku Mayfair, chipinda ndingapeze.

Aise_wa_Cosmo
Nanga ife a ku Cosmo City ndi Diepsloot? Takisi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, mwana mmodzi. Masamuwo ayambire pamenepo.

Woyanganira_Gulu
Ndatsegula mutu wina wa za malo ndi nthawi. Amene muli ndi ana mulembe giredi ndi dera lokha, mayina a ana ndi a sukulu musaike pagulu. Aise, firiji ija ukakambire kumbali.